Mankhwala a Malungo Opha Fangasi? Tisathamange

Anzanga achinyamata, akatswiri akhala akufufuza ngati mankhwala ena a malungo angaphenso fangasi, tizilombo timene timazunza anthu omwe chitetezo chawo cham'thupi chatsika chifukwa cha HIV. Ine ndikuona kuti kafukufukuyu ndi wofunika, koma tiyenera kumumvetsa bwino.

Fangasi woopsa kwambiri ndi Cryptococcus, yemwe amapezeka m'dothi ndi m'zitosi za nkhunda. Amalowa m'mapapo tikamapuma, ndipo chitetezo chikachepa amafika ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Mu 2020 matendawa adapha anthu pafupifupi 112,000 omwe anali ndi HIV padziko lonse, ambiri mwa iwo kuno ku Africa.

Kupanga mankhwala atsopano kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, pomwe mankhwala a malungo alipo kale ndipo zovuta zake n'zodziwika. Ndiponso zidathekapo: primaquine, pophatikiza ndi clindamycin, amachiza chibayo cha PCP chomwe chimayamba ndi fangasi. Chloroquine, yemwe Malawi idasiya kuchizira malungo mu 1993, adaonetsa mu labotale kuti amalepheretsa Cryptococcus kuchulukana.

Koma labotale si thupi la munthu. Sertraline, mankhwala a matenda a nkhawa, nayenso adaoneka amphamvu mu labotale. Atayesedwa pa odwala ku Uganda, zotsatira za mu 2019 zidaonetsa kuti sadachepetse imfa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotsimikizika n'chiyani? Kafukufuku wa AMBITION, yemwe adachitika m'maiko asanu kuphatikizapo Malawi, adapeza mu 2022 kuti dilipi imodzi ya liposomal amphotericin B, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masabata awiri, imachiza matendawa. Bungwe la WHO lidavomereza njirayi chaka chomwecho.

Choncho musagulire wodwala mankhwala a malungo pagolosale poti mwamva za kafukufuku. Mnzanu amene ali ndi kachilombo akamamva mutu wosaleka, kuuma khosi, kapena akayamba kusokonezeka maganizo, musati ndi malungo kapena ufiti. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kumakalabu kwathu tilimbikitsane kuyezetsa magazi, kumwa ma ARV ndi Bactrim mwandondomeko, komanso kubwerera kuchipatala mopanda manyazi ngati tidalekeza. Akatswiri apitirize kufufuza, ife tichite mbali yathu.