Galu wakalamba, khutu latupa: timutengere ku opaleshoni?

Pali vuto lina la agalu limene limadzidzimutsa banja lonse m'mawa umodzi. Galu wagona bwinobwino, kukacha mupeza khutu limodzi lafufuma ngati mandasi a pa depoti, lotentha, lolemera, mwini wake atapendeketsa mutu. Kuno ku Mzimba ambiri timathamangira kunena kuti walumidwa ndi njoka, ena amati ndi chithupsa, ndipo salephera wina wonong'ona kuti pakhomo paponyedwa zinthu. Komatu nthawi zambiri amakhala magazi chabe.

Khutu la galu ndi kafupa kofewa kokutidwa ndi khungu mbali zonse ziwiri, ndipo mkatimo mumadutsa timitsempha tating'onoting'ono. Galu akamakanda khutu ndi mwendo wakumbuyo kapena kupukusa mutu mwamphamvu, makutu n'kumachita phaphapha, kamtsempha kamaphulika, magazi n'kudzadza pakati pa khungu ndi kafupako. Madokotala a ziweto amati aural haematoma. Ndiye kutupako si kumene kwayambitsa nkhani. Chilipo chimene chimamuyabwa galuyo: nkhupakupa, tizilombo tosaoneka bwino ndi maso ta mkati mwa khutu, mafinya, ntchentche zoluma nsonga za makutu, kapena bala la ndewu. M'dera la ng'ombe ngati lathuli, kuchokera ku Edingeni, Embangweni mpaka ku Luwerezi, nkhupakupa sizisowa, makamaka mvula ikagwa. Ndipo mtundu umene umapatsa ng'ombe matenda a chigodola umakonda kukhala m'makutu momwemo.

Kwathu nkhaniyi idatipeza mu Febuluwale. Amama amakhala kumudzi chakufupi ndi Embangweni, ali ndi galu dzina lake Poizoni. Dzinalo musaliope, lidamuyenera kale, pano mano atsala owerengeka, pakamwa pali imvi zokhazokha. Zaka zake timazidziwa chifukwa adabadwa chaka cha chisankho cha patatu, 2014. Galu wakumudzi kufika pamenepo ndi mwayi waukulu. Chimwalirireni adada, ndiye amagona pakhomo pa khola, ndiye amaperekeza amama kudimba, ndiyenso amayankhulidwa usiku nyumba ikakhala zii.

Chithunzi cha khutulo chitangogwa pa gulu la banja la pa WhatsApp, tidagawikana. Achimwene aakulu, amene ali ku Joni monga amuna ambiri a kwathu kuno, adati: "Mutengereni ku Lilongwe mawa lomwe, ndalama nditumiza pa Mukuru." Iwo adazolowera za ku Johannesburg kumene chipatala cha agalu chimapezeka pafupi ndi sitolo ya buledi. Amalume adaseka: "Ntchewe kuikweza galimoto? Bweretsani lezala ndiboole, mawa ikhala ikuthamanga." Amama sadanene zambiri. Adangofunsa kuti, "Akamugoneka, adzukanso?"

Funso la amama ndilo lidali lenileni, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Opaleshoni ya khutu lotere si yovuta kwa dokotala wodziwa. Amacheka mkati mwa khutu, kuchotsa magazi ndi zoundana zonse, kenako amasoka malo angapo mobowoleza kuti khungu limatirirenso pa kafupa kaja, magazi asapezenso pokhala. Ulusi amauchotsa pakatha milungu iwiri kapena itatu. Mwa njira zonse, iyi ndi imene kutupa sikubwerera kawirikawiri, ndipo khutu limasunga maonekedwe ake. Koma imafuna kuti galu agonekedwe ndi mankhwala mpaka asamve kanthu. Mankhwalawo amalemetsa mtima, ndipo chiwindi ndi impso ndi zimene zimawachotsa m'thupi. Kukalamba pakokha si matenda. Alipo agalu a zaka 12 amene amapirira opaleshoni popanda vuto. Kungoti galu wokalamba amatha kukhala ndi mtima kapena impso zofooka osaonetsa, n'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba wamvetsera mtima ndi kuyeza magazi.

Apa ndi pamene mtunda umalowerera. Thandizo limene tili nalo pafupi ndi alangizi a ziweto a boma, ambiri ophunzira ku Mikolongwe, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi katemera. Chipinda cha opaleshoni ya agalu chokhala ndi zoyezera magazi, monga cha LSPCA, chili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 200 kudzera ku Jenda ndi Kasungu. Ganizirani galu amene sadakwereko ngakhale ngolo, khutu likupweteka, maola angapo pa M1. Minibasi siimulola, ndiye kuti hayala. Pobwera afunika kolala ija yonga fanulo kuti asakande, bala lizitsukidwa tsiku ndi tsiku, ntchentche zisateremo n'kusiya mphutsi, ndiponso wina adzachotse ulusi. Zonsezi zikadagwera mayi wa zaka zopitirira 70 amene ali yekha m'nyengo yopalira. Ndalama za achimwene zikadalipira dokotala, koma milungu itatu imeneyi sizikadaigula.

Nanga osachita opaleshoni, chimachitika n'chiyani? Kutupa kotere kumapha galu mwa apo ndi apo kwambiri. Thupi limamwa magaziwo pang'onopang'ono m'milungu ingapo, khutu n'kuchira litakwinyika ngati tsamba la fodya louma, ndipo limakhala choncho mpaka kale. Galu alibe galasi, sizimukhudza. Zimene zimamukhudza ndi ziwiri: ululu wa masiku oyambawo, ndi kuti khutu likakwinyika kwambiri limatha kutseka khomo lolowera mkati, matenda n'kumabisala m'menemo. Ndiye kungomusiya n'kumati "achira yekha" ine sindikuvomereza. Kumusiya osamucheka ndi kumutaya osamusamala ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pakati pake pali njira zina. Dokotala kapena mlangizi amatha kupopa magaziwo ndi jakisoni, nthawi zina n'kubayamo mankhwala ochepetsa kutupa. Galu wofatsa safunika kugonekedwa, amangomangidwa pakamwa. Kuipa kwake n'kwakuti khutu limakonda kudzadzanso pakapita masiku ochepa, ndiye amabwereza. Ena amalowetsa kachubu kakang'ono kuti madzi azituluka okha, ndipo chondiseketsa n'chakuti kachubu kake ndi kaja amalowetsa ku bere la ng'ombe yamkaka likatsekeka. Zida za ng'ombe nazo zimathandiza galu.

Mlangizi amene tidamuitana adafika pa njinga yamoto, ndipo khutu lotupalo adaliyang'ana pomalizira. Adayamba wafunsa za katemera wa chiwewe, chifukwa galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Adakweza mlomo kuona nkhama ngati zili zofiirira bwino. Adafunsa amama ngati galu akudya, ngati akumwa madzi mopitirira muyeso, ngati amatsokomola usiku kapena kupuma mwawefuwefu akayenda pang'ono. Pa kutsokomola amama adavomera, adati adayamba chaka chatha. Mlangiziyo sadanene kuti ndi mtima ndithu, analibe choyezera, koma adati galu wotere iye sangafulumire kumugoneka. Atasuzumira m'khutu adapeza nkhupakupa zitaunjikana, ndi zonyansa zakuda zonunkha. Khutu linalo, lomwe tonse timati lili bwino, lidalinso chimodzimodzi.

Za nkhama zija ndikufuna muzisunge. Nkhama zoyera, magazi otuluka m'mphuno, kapena timadontho tofiira pamimba zimasonyeza kuti mwina magazi a galu sakuundana bwino. Zimenezi zimachitika ndi matenda ena obwera ndi nkhupakupa, komanso galu akadya mankhwala a makoswe. Galu wotere mukamucheka ndi lezala ya amalume, magazi sangaleke. Ngakhale magazi ake ali bwino, bala la lezala limalowetsa tizilombo m'thumba lodzadza magazi, ndipo kutupa kumene kukadaphwa kokha kumasanduka mafinya.

Chinanso: Brufen ndi Diclofenac zimene timamwa ife zimaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso, makamaka wokalamba. Ngakhale Panado musamupatse popanda kuuzidwa mlingo ndi wodziwa. Dibi wa ng'ombe musathire m'khutu, ndipo mafuta akuda a injini asiyeni ku galaja. Ndikudziwa kuti ena timadulanso agalu makutu ati kuti akhale olusa. Kudula khutu lotupa kuti vuto lithe ndi nkhanza basi.

Tidagwirizana kuti Poizoni sapita ku Lilongwe. Achimwene sadakondwe, adati tikuumira, ndipo ndimawamvetsa: munthu ukakhala kutali, ndalama ndiye dzanja lokhalo limene ungafikitse kumudzi. Ndidawauza kuti, "Achimwene, ndalamazo tumizanibe, zigule mankhwala a m'khutu, a nkhupakupa oyenera agalu, ndi mafuta a njinga ya alangizi kuti azibwera." Adatumiza.

Ndikadavomereza ulendowo zinthu zikadakhala zina. Galu akadakhala wa zaka zisanu, wamphamvu, wosatsokomola, ndikadati apite. Kutupa kukadatseka khomo la khutu mpaka mankhwala osalowa, kapena kukadabwerera katatu kanayi galu n'kusiya kudya chifukwa cha ululu, ndikadati ngakhale wakalamba tiyeni tikamuyezetse magazi, adokotala akaone okha. Ndipo amene muli ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kumene dokotala wa ziweto mungamufikire m'mawa n'kubwerako masana, musatengere za kwathu. Kamuyezetseni galuyo musanaganize chilichonse.

Mlangizi adapopa magazi kawiri, patadutsa masiku asanu pakati pake. Ulendo wachitatu adapeza khutu ladzadza pang'ono chabe, adati lisiyidwe. Mdzukulu wa amama wa Sitandade 7 ndiye adapatsidwa udindo wodonthezera mankhwala m'makutu onse awiri m'mawa ndi madzulo, ndi kuzula nkhupakupa akaweruka kusukulu. Galu adasamutsidwa pakhola, akugona pakhonde pa thumba louma. Kupukusa mutu kudasiya mlungu woyamba womwewo, ndipo kuyambira pamenepo kutupa kudayamba kuphwa.

Pofika nthawi yokolola khutu lidali litachira, lokwinyika, lopindikira kutsogolo ngati akumvetsera miseche. Chifuwa chija chikadalipo, ndipo mlangizi akuti ndicho tiziyang'anitsitsa tsopano, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, poti kuzizira kwa ku Mzimba mukukudziwa. Amama amusokera kale chigamba cha bulangete.