Dandaulo la asodzi a pa Chiuta

Ife asodzi a m'dera la Mfumu Ngokwe, ku Machinga, tatopa kuitanidwa kumisonkhano kukaphunzitsidwa kuti chilengedwe n'chofunika. Inu akuluakulu amene mumabwera pa galimoto ndi zikwangwani zanu, tipatseniko mpata tilankhule.

Nyanja ya Chiuta tinayamba kuiteteza tokha. Pofika mu 1995, asodzi a makoka a nkacha anali atachuluka kuno. Makoka amenewo maso ake ndi ang'onoang'ono, ndipo amakokolola chilichonse: makumba oswana, tiana ta milamba, matemba, ngakhale zomera za pansi pamene nsomba zimabisala. Madzi amene akazi athu amatunga anasanduka matope. Makolo athu anakhazikitsa makomiti a pamadoko, nathamangitsa makokawo, ena mwa mafumu atayamba kale kulandira za m'manja kwa eni ake. Lamulo la za usodzi lovomereza kuti anthu a m'midzi aziyang'anira nawo nyanja linabwera mu 1997, ntchito itagwiridwa kale. Kuchokera pamenepo ife timavuula nsomba ndi matchera, miyono ndi mbedza, ngakhale tikudziwa kuti khoka limalemeretsa msanga.

Chotipweteka n'chakuti malire a Malawi ndi Mozambique amadutsa m'madzi omwewa. Madzi a Chiuta amalowa m'nyanja ya Amaramba, n'kukathira mu mtsinje wa Lugenda, ndipo nsomba siifunsa chiphaso. Khoka limene talikana kuno limakaponyedwa kutsidya, mbali ya Mecanhelas, n'kukakokolola nsomba zomwe tinazisiya kuti ziswane. Tikalanda khoka lolowerera mbali yathu, mkangano umagwera ife, anthu a m'bwato lopalasa ndi nkhafi. Kutsidyako ndi abale athu, timakwatirana ndipo maliro timalira limodzi. Chimene chikusowa ndi pangano limodzi la nyanja yonse, ndipo limenelo msodzi sangasaine.

Kumtunda nakonso zinthu sizili bwino. Mapiri ameteka ndi makala, ndipo mvula ikagwa mitsinje ya Mpili ndi Lifune imatsitsa mchenga m'nyanja yosaya kale. Bango ndi gumbwa za m'mphepete, momwe nsomba zimaswera ndi mbalame zimaikira mazira, zikutenthedwa kuti pakhale minda ya mpunga. Wotenthayo sitimuda, n'ngwathu, ana ake akufuna nsima. Maneti a udzudzu amene mumatidzudzula nawo aliponso, sitikana. Koma tafunsani mtengo wa matchera ovomerezeka lero, mufanizire ndi zimene munthu amapeza akagulitsa beseni la matemba.

Mamembala a komiti amalondera usiku popanda malipiro, popanda bwato la injini, ndipo amadedwa ndi achibale awo amene awalanda zida. Munthu akagwidwa, mawa lake mumamuona ali panyanja. Nsomba zathu zimakwera njinga ndi malole kupita ku Liwonde ndi ku Balaka, misonkho ya pamsika imatoleredwa, koma palibe imene imabwerera kudoko kudzamanga ngakhale thandala loyanikira.

Tikupempha kuti maboma awiriwa akhale pansi agwirizane za makoka pa Chiuta ndi Amaramba, kuti gawo la ndalama za ziphaso lizitsala ndi makomiti, ndiponso kuti ngongole za ulimi wothirira ndi ulimi wa njuchi zifike kwa anyamata amene lero akudalira nkhwangwa ndi neti ya udzudzu. Msonkhano wotsatirawo mudzachitire pa doko, ndipo mudzaitane anzathu a kutsidya.