Amene ankagwira buku la ngongole

M'chaka cha 1670, Mfumu Charles II ya ku England inapatsa kampani ya Hudson's Bay ufulu wochita yokha malonda m'dera lonse limene mitsinje yake imathira m'nyanja ya Hudson Bay, m'dziko lomwe lero ndi Canada. Mfumuyo sinapondeko phazi, ndipo eni nthaka, a Cree ndi anzawo, sanafunsidwe. Azungu ankafuna chikopa cha beaver, nyama ya m'madzi yomanga madamu ndi mitengo, chifukwa ubweya wake unkapangira zipewa za mabwana a ku London ndi Paris.

Ena amati awa anali malonda a anthu ofanana mphamvu, ndipo m'mawuwo muli choona. Alenje a Cree sanali ogona: mfuti yosalimba ankaikana, ndipo Mngerezi akaumira pamtengo, ankapalasa bwato kupita kwa Mfalansa. Mphamvu yawo inagona pakuti wogula sanali mmodzi. Koma ine ndikuti tisuzumire m'buku la ngongole. Chisanu chikayandikira, mlenje ankatenga wonga, mabulangete ndi nkhwangwa pangongole, n'kudzabweza ndi zikopa chisanu chikatha. Katundu yense ankawerengedwa pa muyeso wa chikopa cha beaver, ndipo woyesa nsalu, wogamula ubwino wa chikopa ndi wolemba m'buku onse anali a kampani. Aliyense amene anatengapo ufa pangongole kusitolo ya pafamu akudziwa kulemera kwa cholembera chotere.

Mu 1821 kampaniyi inaphatikizana ndi North West Company ya ku Montreal, imene inkalimbana nayo. Malo ambiri ogulira zikopa anatsekedwa, antchito ambiri anachotsedwa, ndipo m'madera ochuluka mlenje anasowa kwina kogulitsa.

Chimene chimandiwawa koposa ndi ntchito ya amayi. Ndiwo ankapala zikopa, kusoka nsapato, kuluka zopondera zoyendera pa chipale chofewa, ndi kusinja nyama youma ya njati n'kuisakaniza ndi mafuta kuti opalasa mabwato akhale ndi kamba. Popanda iwo, alendowo akanatha ndi njala ndi chisanu. Ambiri anakwatiwa ndi amalondawo, ndipo ena anasiyidwa ndi ana mwamuna atabwerera kwawo. Mabuku a kampani, amene lero akusungidwa ku Winnipeg, adzaza ndi mayina a akalaliki ndi opalasa. Mayina a amayiwa amapezekamo mwa apo ndi apo.

Mu 1870 kampani inapereka dziko lonselo kwa boma la Canada, ndipo malipiro ake anali mapaundi 300,000. Apanso eni nthaka sanafunsidwe.