Matabuleti afika m'kalasi, nanga malamulo a dziko alimo?

Mwana yemwe ali Fomu 2 lero adzakhala pa mzere woponya voti mu 2030. Ambiri mwa ana amenewa amadziwa kale kutsegula akaunti ya TikTok, kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, ndiponso kusaka bandulo yotchipa. Koma tamufunsani kuti apolisi atamugwira lero, angamusunge m'chitokosi nthawi yaitali bwanji asanamutengere kukhoti. Mwina angokuyang'anani. Yankho ndi maola 48, ndipo maolawo akathera pa nthawi yomwe khoti silikugwira ntchito, ayenera kukaonekera tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Izi zili mu gawo 42 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, buku lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1994, ambiri a ife tisanabadwe.

Maganizo anga ndi akuti popeza zida zamakono zayamba kulowa m'makalasi, buku limeneli lilowe nazo limodzi. Lilowe m'zilankhulo zomwe ana amayankhula kunyumba, litseguke popanda bandulo, ndipo libwere ndi nkhani zenizeni za Amalawi omwe adaligwiritsapo ntchito.

Zidazo zabwera kale. Kuyambira mu 2023, Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukupereka matabuleti m'sukulu za pulaimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, mogwirizana ndi mabungwe monga Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzirapo kuwerenga ndi masamu, matabuletiwo amatchajidwa ndi sola, ndipo phunziro limayenda popanda intaneti. Apa taonapo kuti chida chikhoza kugwira ntchito kumudzi komwe mawaya a ESCOM sanafike. Funso latsala ndi lakuti mwanayo akadziwa kuwerenga, awerenge chiyani akamakula, ndipo akafika Sitandade 7 kapena kusekondale tidzamuikira chiyani m'manja.

Tinene zoona, za boma timaphunzira kusukulu, koma timaphunzira ngati ndakatulo yoloweza. Aphunzitsi amalemba pa bolodi kuti boma lili ndi nthambi zitatu, ana n'kukopera, MANEB n'kufunsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana amakhoza Social Studies bwinobwino asanaonepo ngakhale tsamba limodzi la malamulo omwe akuwatchulawo. Sikuti aphunzitsi ndi aulesi ayi. Bukulo silipezeka m'malaibulale a sukulu zambiri, ndipo likapezeka, lili m'Chingerezi cha maloya chomwe ngakhale ife odutsa kukoleji chimatitulutsa thukuta.

Ena amati Amalawi alibe chidwi ndi za malamulo. Ameneyo waiwala 2019 ndi 2020. Pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti, mawailesi ankaulutsa zochitika m'khoti, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, ndipo anthu ankamvera m'maminibasi, m'misika ndi m'malo ometera. Pa 3 February 2020, majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, adawerenga chigamulo chawo tsiku lonse mpaka usiku, anthu makutu ali ku wailesi. Adafafaniza chisankho cha pa 21 May 2019, n'kunena kuti gawo 80 likutanthauza kuti wopambana apeze mavoti oposa theka. Mawu akuti 50+1 adalowa m'kamwa mwa aliyense, mpaka a kabaza. Chomwe chidasintha n'chiyani? Malamulo adabwera m'chilankhulo chathu, kudzera pa chida chomwe tili nacho, ali ndi nkhani yomwe inkatikhudza. Njira yophunzitsira ndi imeneyo basi.

Ndiye m'tabuleti kapena m'kompyuta ya pasukulu tiikemo chiyani? Choyamba, malamulowo enieni, Chingerezi mbali iyi, Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao mbali inayo, ndi batani loti ukadina wina akuwerengere mokweza. Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani, gawo lililonse likhale ndi munthu wake.

Tengani gawo 5, lomwe limati lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakuluwa ndi lopanda mphamvu. Kungolinena chonchi, mwana ayasamula. Koma muuzeni za a Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, yemwe adamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake pa mlandu uja timautcha vakabu. Sadangopepesa n'kulipira faindi. Nkhani idafika ku khoti lalikulu, ndipo mu 2017 majaji adagamula kuti ndime ya malamulo yomwe adawamangira nayo ikuphwanya ufulu wa anthu. Wogulitsa majumbo adagwetsa lamulo lomwe tidalandira kwa atsamunda. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Mchesi akamva zimenezi, gawo 5 saliiwalanso.

Tengani gawo 25, la ufulu wa maphunziro, ndi gawo 33, la ufulu wa chipembedzo. Mu May 2023, Jaji Zione Ntaba ku khoti lalikulu la Zomba adagamula kuti ana a chipembedzo cha Rasta asamakanizidwe malo m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Iyi ndi nkhani ya pasukulu penipeni. Igaweni kalasi pawiri, ena aimire makolo a anawo, ena aimire malamulo a sukulu, atsutsane kaye, kenako amve zomwe jaji adanena ndi zifukwa zake.

Tengani gawo 83. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, padali masiku awiri a mantha pomwe ena ankafuna kudumpha wachiwiri wake chifukwa adali atachotsedwa m'chipani cholamula. Malamulo adanena momveka, ndipo pa 7 April mayi Joyce Banda adalumbira. Gawo lomweli ndi lomwe limaika malire a materemu awiri, malire omwe Nyumba ya Malamulo idakana kuwachotsa mu 2002. Ndipo mtsikana wa Sitandade 8 yemwe amalume ake ayamba kumupezera mwamuna ayenera kudziwa kuti mu 2017 aphungu adasintha malamulowa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo khomo lomwe linkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15 lidatsekedwa. Kwa iyeyu, ili si phunziro lokhozera mayeso chabe. Likhoza kumusunga pasukulu.

Apa ndi pomwe chida chimaposa bolodi. Bolodi silingakumvetseni mawu a jaji akuwerenga chigamulo. Silingakuonetseni aphungu akukambirana bilu, Sipikala akuitanitsa bata. Chida chingathe, ndipo sichifuna kuti mwana aliyense akhale ndi chake. Foni imodzi ya mphunzitsi, sipika yaing'ono yotchaja ndi sola, ndi memory card yodzaza maphunziro, n'zokwanira kuti kalasi yonse imve. Komwe kuli matabuleti, ana asanu akhoza kuzungulira imodzi, kufufuza gawo lomwe likuyankha funso lomwe apatsidwa, kenako n'kujambula mawu awo akufotokozera anzawo m'chilankhulo chawo. Ukafotokozera mnzako chinthu, ndiye kuti wachimvetsa.

Phunziro lina lomwe tikulisowa kwambiri ndi la ntchito ya phungu ndi ya khansala. Chisankho cha pa 16 September 2025 chidatipatsa aphungu a madera 229, kuchoka pa 193. Ntchito yawo ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama zathu, ndi kutiyankhulira. Koma ife timawayeza ndi mabokosi a maliro ndi mayunifomu a mpira, kenako n'kumadabwa kuti malamulo oipa adutsa bwanji. Kalasi itaonera kanthawi kochepa ka zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, n'kufufuza ngati phungu wa kwawo adayankhulapo, ana angapite kunyumba ndi funso lomwe makolo awo sanafunsepo. Akhozanso kulemba kalata yeniyeni yopita ku khonsolo, yofunsa momwe ndalama za chitukuko cha dera lawo zayendera. Gawo 37 limawapatsa ufulu umenewo, ndipo lamulo lopezera uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020.

Palinso nkhani ya mabodza a pa WhatsApp. Tonse tili m'magulu momwe wina amaponya uthenga woyamba ndi mawu akuti "malamulo akuti", ena n'kuutumiza kwina osaufufuza. Mwana yemwe adazolowera kusukulu kutsegula gawo lenilenilo n'kudzionera yekha, sapusitsidwa wamba. Luso limenelo ndi katemera, ndipo tilifuna kwambiri kampeni ikadzayambanso.

Ndikudziwa zomwe ena anene. Ana akuphunzirira pansi pa mtengo, kalasi imodzi ana oposa 100, madesiki kulibe, iwe ukukamba za matabuleti? Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindikunena kuti tigule zida m'malo momanga makalasi. Ndikunena kuti zida zomwe zabwera kale, ndi zomwe zikubwera, zisangokhala za masamu okha. Ntchito yaikulu apa ndi yomasulira, kujambula mawu ndi kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo imeneyi imachitika kamodzi n'kukopedwa m'sukulu zonse. Komanso kusowa kwa madesikiko ndi nkhani ya bajeti, ndipo bajeti imadutsa m'manja mwa anthu omwe timawasankha. Nzika yosadziwa komwe ndalama zimachokera ndi komwe zimayenera kupita idzakhala pansi pa mtengo womwewo mpaka zidzukulu.

Ena, makamaka akuluakulu, amati ufulu ndi womwe wawononga ana. Amati mukawauza za ufulu, ayamba kuderera aphunzitsi ndi kuphwanya mawindo akakwiya. Ine ndimaona mosiyana. Mwana amene amaswa windo ndi amene adangomva mawu akuti ufulu pa wailesi, osawerenga kuti malamulo omwewo amati ufulu uli ndi malire ndipo munthu aliyense ali ndi udindo kwa anzake, banja lake ndi dziko. Yemwe akudziwa kuti dandaulo lili ndi njira yake, kuchokera kwa ahedi, ku komiti ya sukulu, mpaka kwa Ombudsman kapena bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, sathamangira mwala. Koma sukulu nayo iyenera kuchita zomwe ikuphunzitsa. N'zovuta kuphunzitsa kuti munthu amvedwe kaye asanalangidwe, pomwe mwana akuchotsedwa sukulu osamufunsa mbali yake.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china: adzalemba maphunzirowa ndani? Makolo athu adakula akuloweza ngodya zinayi za nthawi ya Kamuzu Banda, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, m'dziko la chipani chimodzi momwe mtsogoleri adali wamuyaya kuyambira 1971. Nawonso ankati akuphunzira za boma. Zidatengera riferendamu ya pa 14 June 1993 kuti zisinthe. Tabuleti yomwe ikutseguka ndi nkhope ya mtsogoleri, kapena yodzaza ndi mndandanda wa zitukuko za chipani cholamula, ingakhale yoopsa kuposa bolodi, chifukwa uthenga umodzi ungafike kwa ana a dziko lonse tsiku limodzi. Choncho ntchitoyi ikhale m'manja mwa a Malawi Institute of Education ku Domasi, omwe amakonza silabasi, mothandizana ndi NICE Trust, Law Commission, MHRC ndi aphunzitsi enieni a m'kalasi. Zomwe alemba ziikidwe poyera kuti aliyense aziona. Musakhale mtundu wa chipani chilichonse, ndipo milandu yomwe boma lidagonja, kaya linali la UDF, DPP, PP kapena MCP, ikhalemo yonse. Boma lomwe lingalole ana kuphunzira milandu yomwe lidaluza, limenelo ndiye lakhwima.

Pomwe tikudikira a unduna, ife tili ndi mafoni m'manja. Malamulowa ali pa webusaiti ya MalawiLII kwaulere, ndipo kuwatsitsa sikudya bandulo yofika ya kanema mmodzi wa pa TikTok. Yambani ndi Mutu 4, wa ufulu wa anthu, kenako gawo 12, lomwe limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a dziko lino ndipo olamulira amangosungira ife. Ngati muli ndi mng'ono wanu kusekondale, werengani naye gawo limodzi, mumasulirane. Ngati ndinu mphunzitsi, yesani phunziro limodzi ndi foni yanuyo teremu ino. Ngati muli mu komiti ya makolo, funsani kuti m'makompyuta omwe sukulu idalandira muli chiyani.

Akuluakulu adati kuongola mtengo m'poyamba. Ovota a 2030 ali m'kalasi panopa, ndipo zaka zomwe zatsalazi n'zokwanira kuti adzafike pa mzere uja akudziwa chomwe akukalemba ntchito phungu, khansala ndi pulezidenti.