Mbeu ya Thupi Ili M'mitsempha ya Magazi

Anthu ambili aganiza kuti mtsempha wa magazi uli ngati paipi ya madzi cabe. Koma akatswili anapeza kuti m'zipupa za mitsempha mukhala maselo amene angathe kubala maselo ena atsopano. Maselo otele achedwa stem cells, ndipo ali ngati mbeu yosungidwa m'nkhokwe.

Mwana akali m'mimba, ca m'sabata lacisanu, maselo amene adzapanga magazi moyo wake wonse amaphuka pa cipupa ca mtsempha waukulu wocokela kumtima. Mu 1873, Charles Rouget wa ku France anaona maselo ena okulunga timitsempha ting'onoting'ono, amene lelo achedwa pericytes. Mu 2008, gulu la Bruno Péault ku Pittsburgh, m'dziko la America, linatenga maselo amenewa m'minofu ndi m'mafuta a anthu. Atawalela mu labotale, anasanduka maselo a fupa, a mafuta ndi a mnofu.

Iyi ni nkhani yabwino, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2017 ofufuza a ku California anaona kuti m'matupi a mbewa zamoyo maselowa sanasanduke monga acitila mu labotale. Nchito yofufuza ikali kupitiliza.

Cifukwa cace n'kulakwa kuti amalonda azigulitsa ufa wa m'timapaketi wolembedwa "stem cell", n'kumati ucilitsa shuga, BP ndi khansa. Ufa wa zomela ukamezedwa ugayidwa m'mimba monga nsima, sungasanduke selo la munthu. Cithandizo cotsimikizika ca maselo otele ni monga kuika mafuta a m'mafupa mwa odwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell, ndipo cicitika m'zipatala zazikulu. Wodwala wosiya mankhwala a kucipatala cifukwa ca ufa ataya ndalama, mwinanso moyo.

Canzelu n'kusamala mitsempha imene munthu ali nayo kale. Shuga ikaculuka m'magazi imapha maselo okulunga timitsempha ta m'maso, ndipo m'kupita kwa nthawi munthu angacite khungu. BP yokwela ndi fodya nazonso ziononga zipupa za mitsempha. Motelo munthu wamkulu aliyense afunika kupimitsa shuga ndi BP ku kiliniki, kucepetsa mcele, kuleka fodya ndi kumwa mankhwala monga adotolo anenela.