Chitsime cha gasi chikayamba kuphwa, msonkho utsike?

Kuyambira mu 2004, kampani ya Sasol yakhala ikutulutsa gasi ku Pande ndi ku Temane, m'chigawo cha Inhambane. Gasi wambiri amayenda m'paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda, ku South Africa. Tsopano zitsimezo zayamba kufooka.

Chitsime chikakalamba, kupopa kumadula ndipo phindu limachepa, mpaka kampani imaganiza zochitseka. Pofuna kupewa zimenezi, maboma ena amatsitsa msonkho. Ku United States, lamulo la 2004 limachepetsera msonkho eni zitsime zotulutsa pang'ono, koma pokhapokha mitengo ikagwa. Mitengo ikakwera, mwayiwo umatha.

Nzeru imeneyi si yoipa. Chitsime chotsekedwa sichilipira ngakhale metikali imodzi, ndipo antchito amabwerera kumudzi.

Koma kwathu kuno tichenjere. Lamulo la 2014 limati msonkho wa zotulutsidwa ndi 6% pa gasi ndi 10% pa mafuta. Pa ndalama za msonkho umenewu ndi pamene boma limachotsa 2,75% yopita kumidzi yozungulira zitsime. Anthu a ku Moatize akuidziwa, chifukwa malasha nawo ali ndi gawo lotere. Msonkho ukatsika, gawo la mudzi limatsikanso, ndipo mjigo kapena chipinda cha sukulu chimachedwa kumangidwa.

Ngati boma lingadzatenge njira imeneyi, litsitsire chitsime chofookacho chokha, osati kampani yonse, ndipo linene tsiku limene mwayiwo udzathere. Midzi ya ku Inhassoro ndi Govuro iuzidwe kaye pamsonkhano ndalama zimene itaye.