Tisonkheranji Mwana Atamwalira Kale?

M'midzi mwathu muli chizolowezi chimene ndifuna kuchidzudzula mosapsatira mawu. Mwana akatupa chibwano, mano nayamba kugwedera, timathamangira kunena kuti walodzedwa. Timamutemera mphini ndi kumumwetsa mizu yowawa, kwinaku tikuloza chala nkhalamba ina yosalakwa. Pamene tiganiza za chipatala, diso limakhala litatong'oka ndipo mwanayo sathanso kumeza ngakhale phala.

Nthendayi ili ndi dzina. Ndi khansa imene dotolo wina, Denis Burkitt, anaifotokoza m'chaka cha 1958 ataona ana otupa zibwano ku Uganda. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo monga kuno kwathu, ndipo mwana sangapatsire mnzake khansayi. Chotupa chake chimakula mwaliwiro loopsa, moti pa masiku awiri okha chingathe kuwirikiza. Komabe chimaphwanso msanga chikakumana ndi mankhwala oyenera. Ndiye kuti sabata iliyonse yotayidwa kwa sing'anga imachotsedwa pa moyo wa mwanayo.

Koma mlandu wathu waukulu umayamba mwanayo atagonekedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mayi amakhala komweko kudikirira matenda. Kumudzi munda umalowa thengo, mbuzi zimagulitsidwa imodziimodzi, ndipo mwana wamkazi wamkulu amasiya sukulu kuti aziphikira abale ake. Wodwalayo mankhwala amamusanzitsa, tsitsi limathothoka, ndipo akabwera kumudzi kudzapuma, makolo ena amaletsa ana awo kusewera naye. Mankhwalawa salandira kamodzi ayi; ayenera kubwerera ku chipatala pa masiku oikika. Tsono ndalama yokwerera basi ikasowa, chotupa nachonso chaphwa, banja limangoti wachira. Pakapita nthawi nthenda ija imabweranso, yokwiya kuposa kale.

Pamenepo ena amati makolowo ndi osasamala. Ine ndikana. Kodi ife tinali kuti? Mwanayo akamwalira, mudzi wonse umadzuka: amayi abwera ndi ufa ndi nkhuni, abambo asonkha ya bokosi, adzukulu akumba manda, chipepeso chilembedwa m'kope mwaulemu wonse. Ndalama yomweyo ikanamufikitsa ku chipatala maulendo angapo akali moyo. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma zikuoneka kuti amasanduka wathu akatsikira kuli chete.

Alipo otsutsa amene amati khansa sichira, choncho kusonkha n'kutaya ndalama m'madzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka safika 30. Kodi ana a kumeneko ali ndi magazi ena? Ayi ndithu. Athuwa amafika mochedwa, amasiyira mankhwala panjira, kapena amapeza mankhwalawo atatha. N'chifukwa chake m'chaka cha 2018 bungweli linaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azichira. Kugula mankhwala ndi udindo wa boma, ndipo tisaleke kulikumbutsa. Koma boma silingapalire munda wa mayi amene ali ku chipatala, kapena kuuza ana athu kuti akasewere ndi mnzawo wopanda tsitsi uja.

Tsiku lobwerera ku chipatala limalembedwa m'kabuku ka wodwala. Amfumu amene amalengeza maliro angathenso kulengeza tsiku limeneli.